Denga lafulati: felt kapena membrane, nanga musankhe bwanji?

Denga lafulati likayamba kudontha, kapena mukamamanga latsopano pa galaja, pa khonde kaya pa chipinda chowonjezera, funso limene aliyense amathamangira ndi loti pamwambapa tiikepo chani, felt kapena membrane? Mukafunsa amisiri atatu mumva mayankho atatu, chifukwa aliyense amayamikira chimene anazolowera kuika komanso chimene ali ndi zida zake. Ine ndimati funso limenelo lidikire kaye. Yambani ndi kuliyang'ana dengalo, mukaliona bwinobwino lokha limachotsa zina pa mndandanda mpaka mumangotsala ndi chimodzi kapena ziwiri basi.

Koma tidziwe kaye zinthu zake. Felt ndi nsalu yolimba, ya polyester kapena ya ulusi wagalasi, yomwe anainyika mu phula nkuipinda m'mipukutu, mpukutu umodzi umakhala mita imodzi m'lifupi ndi mamita 8 kapena 10 m'litali. Felt wakale uja anali wa ulusi wa nsanza ndipo ndi amene anaipitsa mbiri, ankauma padzuwa nkung'aluka pakangopita zaka 10 mpaka 15. Wamasiku ano phula lake amalisakaniza ndi zina, pali wa SBS amene amakhala ngati wa labala ndipo amapindika olo kuzizire kwambiri, nde pali wa APP amene amapirira kutentha, phula lake limayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 150. Ambiri amamuika ndi moto wa gasi, ndi uja amisiri amangoti torch-on. Membrane imene tikunena pano ndi ija ya chinsalu chimodzi chopyapyala chopanda phula. Yodziwika kwambiri ndi EPDM, labala yakuda imene amamata ndi guluu, ndiye palinso PVC ndi TPO zomwe ndi zapulasitiki, nthawi zambiri zoyera kapena zotuwa, ndipo misoko yake amaiwotcherera ndi mpweya wotentha. Chenjerani pogula, ogulitsa ena torch-on naye amamutcha membrane, nde funsani mwachindunji kuti muli phula kapena mulibe.

Choyamba, onani chimene chili pansi

Kwerani pamwamba, kapena suzumirani mu siling'i, muone kuti denga lanu ndi la konkire kapena la matabwa. Apa mpamene nkhani yambiri imathera.

Ngati ndi silabu ya konkire, felt wa torch-on amagwira bwino kwambiri, amapaka kaye primer waphula, mankhwala opaka poyamba othandiza kuti chomatacho chigwire, kenako nkuwotcha mpukutu ukumamatira pa simenti, ndipo palibe choopa kuti chipsa. Koma konkire yatsopano musaithamangire. Imafuna masiku 28 kuti ikhwime, ndipo kukhwima si kuuma, mkati mumakhalabe madzi ambiri, nde mukaitseka ndi phula ikadali yonyowa dzuwa likawomba madzi aja amasanduka nthunzi nkukankha felt kuchokera pansi, mumangoona matuza akuluakulu atabuka padenga ponse. Njira yosavuta yoyesera ndi iyi, tengani pepala la pulasitiki, mulimate pa silabu ndi tepi mbali zonse zinayi, mulisiye usiku wonse. M'mawa mukapeza kunsi kwake kuli mame kapena simenti yada pamalopo, dikirani, sinaume. EPDM nayo imatheka pa konkire koma imafuna posalala zedi, kamwala kamodzi kosongoka kotsala pansi kadzaiboola tsiku lina munthu akadzapondapo, nde pa konkire yokhakhala amagwiritsa ija yokhala ndi nsalu yofewa kunsi kwake kapena amayala kaye mabolodi.

Ngati ndi matabwa, mabolodi oyenera ndi plywood yapanja kapena OSB3, bolodi la tizidutswa ta mitengo tomatidwa pamodzi lopirira chinyezi, onsewo a mamilimita 18. Chipboard wamba ayi ndithu, ikangonyowa kamodzi imafufuma nkusanduka phala. Yendani padenga ponse pang'onopang'ono mukumvetsera ndi phazi, pomwe pakubonyoka kapena kunjanja ndiye kuti bolodi lawola, limenelo lichoke, palibe felt kapena membrane imene ingabise bolodi lowola. Pa matabwa ine mtima wanga umapita ku EPDM, chifukwa guluu wake amagwira bwino pa bolodi latsopano ndipo moto sufunika.

Nanga ngati pali kale felt wakale? Apa anthu amalakwitsa kwambiri pofuna kupulumutsa ndalama. Felt watsopano atha kukhala pamwamba pa wakale ngati wakaleyo ndi wouma, wogwira ndipo pansi pake palibe chowola. Koma PVC siigwirizana ndi phula, ikakhudzana nalo imauma nkuyamba kuthetheka, siigwirizananso ndi polystyrene uja woyera wotchingira kutentha, nde pamafunika nsalu yolekanitsa pakati. EPDM wamba nayonso samaimata mwachindunji pa phula, imafuna ija ya nsalu kunsi kapena mabolodi atsopano. Kunena zoona ngati denga lakhala likudontha kwa nthawi yaitali bola kukanganula zonse muone mabolodi ndi maso.

Chachiwiri, madzi akupita kuti?

Denga lafulati siliyenera kukhala fulati kwenikweni, lipendekeke pang'ono kuti madzi azitsika. Muyezo umene amisiri ambiri amatsata ndi woti likamalizika litsike osachepera 1 pa 80, ndipo pojambula pulani amaika 1 pa 40, kutanthauza mamilimita 25 pa mita iliyonse, chifukwa matabwa amagonja ndipo pomanga sipalephera kulakwika pang'ono. Tengani levulo yaitali muyeze, kapena ingokwerani patapita masiku awiri mvula itagwa. Mukapeza zithaphwi zikadalipo ndiye kuti pali vuto, ndipo vuto limenelo silithera pa kusankha felt kapena membrane. Madzi a mamilimita 10 okha pa sikweya mita imodzi ndi makilo 10, nde chithaphwi chikamakula bolodi limagonja, likagonja chithaphwi chimakulanso, zimangopitirira choncho.

Pa konkire amakonza ndi kuthira simenti ina yopendekeka kulozera ku mabowo otulutsira madzi, pa matabwa amakhoma timatabwa tosongoka mbali imodzi pamwamba pa mitanda asanaike mabolodi. Ngati pazifukwa zina simungathe kukonza kupendekekako, dziwani kuti chinsalu chimodzi cha EPDM chopanda msoko chimapirira madzi oima kuposa felt amene ali ndi msoko pa mita iliyonse. Koma kumeneko nkungopepesa, sikukonza.

Chachitatu, werengani makona ndi zonse zotulukira padenga

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Denga silidontha pakati, kawirikawiri limadontha m'mphepete, pa misoko, pa makona, pomwe lakumana ndi khoma, ndi pozungulira paipi. Nde tengani pepala mujambule denga lanu, mulembe paipi iliyonse, chumuni, windo lapadenga, miyendo ya thanki, mabowo a madzi, kakhoma kam'mphepete, zonse.

Mukapeza kuti denga ndi la makona anayi basi, lopanda zambiri, EPDM yawina kale. Imabwera m'zinsalu zazikulu, zina zimafika mamita 15 m'lifupi, nde galaja yonse kaya chipinda chonse chimafundidwa ndi chinsalu chimodzi popanda msoko ngakhale umodzi, ndipo msoko umene kulibe sungadonthe. Imakhala ya mamilimita 1.14 kapena 1.52, ndipo ngati bajeti ikulola tengani yokhuthalayo. Imatanuka kwambiri, kupitirira katatu kutalika kwake isanaduke, nde nyumba ikamasuntha pang'ono ndi kutentha ndi kuzizira iyo imangotsatira.

Koma denga likakhala la makona ambirimbiri, mapaipi asanu, masitepe, kakhoma kuzungulira konse, ubwino uja wa chinsalu chimodzi umatha, chifukwa pa paipi iliyonse mudula, pa kona iliyonse yakunja mumata chigamba ndi primer ndi tepi yake, ndipo chigamba chilichonse chikudalira dzanja la munthu amene wamata. Pamenepa felt wa magawo awiri amandipatsa mtendere, chifukwa gawo lapamwamba likaphonya penapake lapansi limagwira, pomwe membrane ndi gawo limodzi lokha, ikaphonya yaphonya. PVC ndi TPO nazo zimachita bwino pa makona ngati wowotcherera ndi katswiri, msoko wowotcherera bwino umasanduka chinthu chimodzi ndi chinsalucho, koma mawu oti katswiriwo muwagwire, tibwererako.

Denga likafika povuta kwambiri, timakona ting'onoting'ono paliponse, palinso njira ya mankhwala opaka amadzimadzi amene amauma nkukhala chikopa chimodzi, kapena fibreglass pa matabwa, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chachinayi, ndani azidzayendapo?

Dzifunseni moona mtima. Ngati pamwambapo pazikwera munthu kamodzi kapena kawiri pachaka kukasesa masamba, chilichonse mwa izi chikwana. Koma ngati pali thanki, mapanelo a sola, dishi, makina oziziritsira mpweya, ndiye kuti pazikwera anthu onyamula zida amene sasamala za denga lanu, amagwetsa sikuludalaiva, amakoka makwerero, amasiya misomali. Felt wa mamilimita 4 wokhala ndi timiyala pamwamba, atagona pa gawo lina lapansi, amapirira nkhanza zotere kuposa labala ya milimita imodzi ndi theka. Ngati mwasankhabe membrane, ikani njira yoyendamo, timatailosi ta labala kapena zoyala zake, kuchokera pokwerera mpaka pa thanki. Ndipo ngati mukufuna kumakhalapo ndi mipando madzulo, palibe mwa ziwirizi chimene chiyenera kupondedwa tsiku ndi tsiku chili pamtunda, pamafunika matailosi kapena matabwa pamwamba pake, zokhala pa timiyendo kapena pa nsalu yoteteza.

Chachisanu ndi moto, ndipo apa sindiseka

Torch-on ndi lawi lenileni la gasi padenga la nyumba yanu. Pa konkire yopanda kanthu palibe nkhawa yambiri, koma pa matabwa, pafupi ndi mitanda, pansi pa matailosi a denga lina loyandikana, pafupi ndi mawindo apulasitiki kapena pomwe pali zisa za mbalame ndi masamba ouma, lawi limatha kulowa pa kampata nkuyamba kunyeka mwakachetechete mkati, moto nkudzabuka anthu atatsika kale. Nchifukwa chake mmisiri wodziwa salozetsa lawi pa bolodi, gawo loyamba amalikhoma ndi misomali kapena amagwiritsa felt womata yekha wongosenda pepala kunsi, amakhala ndi chozimitsira moto pambali, ndipo akazimitsa gasi amakhalabe pamalopo osachepera ola limodzi akuyang'anira. Mukaona munthu akufuna kuwotcha pa plywood mwachindunji, muimitseni. Ngati nyumba ili pa inshulansi funsaninso ngati amalola ntchito yamoto, komanso ngati mmisiriyo ali ndi inshulansi yakeyake.

Amene mukufuna kugwira nokha ntchitoyi, torch-on musayerekeze. EPDM pa kadenga kakang'ono munthu wamanja abwino atha kuika ndi mnzake mmodzi, felt womata yekha nayenso amatheka pa shedi. PVC ndi TPO zimafuna makina a mpweya wotentha ndi kuzolowera, mukatenthetsa pang'ono msoko sugwira, mukapyoza muyezo mwaotcha chinsalu.

Chachisanu ndi chimodzi, dzuwa, kuzizira ndi mafuta

Izi ndidutsa mwachangu. Kumalo a dzuwa lamphamvu felt wa APP ndi amene amakhalitsa, kozizira kwambiri SBS. Felt asakhale ndi phula pamtunda, akhale wa timiyala kapena apakidwe penti ya siliva, ndipo pentiyo imafuna kubwereza pakapita zaka zingapo. EPDM dzuwa siliiopsa koma poti ndi yakuda imakoka kutentha, chipinda chapansi chimamva ngati palibe chotchingira, pomwe TPO kapena PVC yoyera imabweza dzuwa. Ngati padenga pakutulukira utsi wamafuta wochokera ku khitchini yaikulu, EPDM ayi, mafuta ndi petulo zimaifewetsa nkuifufumitsa, felt nayenso mafuta amamusungunula, apa PVC ndi imene imalimba.

Kanthu kena kongodutsa, si madontho onse a pa siling'i amene amachokera ku mvula. Kumalo ozizira nthunzi ya m'nyumba imakwera nkukasanduka madzi kunsi kwa bolodi lozizira, munthu nkumasintha felt kawiri konse vuto lili pomwepo. Njira yabwino ndi kuika chotchingira kutentha pamwamba pa mabolodi, ndi pepala loletsa nthunzi kunsi kwake, kenako felt kapena membrane pamwamba. Ngati chotchingiracho chili pakati pa mitanda, pasiyidwe mpata wa mamilimita 50 woti mpweya uzidutsa kuchokera mbali ina kukatulukira ina.

Chachisanu ndi chiwiri, mmisiri ndi koteshoni

Mukafika apa mwina mwatsala ndi ziwiri, nde chomaliza kuweruza ndi munthu amene aike. Ine ndingasankhe felt woikidwa ndi munthu amene wakhala akuwotcha felt zaka zambiri kusiyana ndi membrane yapamwamba yoikidwa ndi munthu amene akuiona koyamba. Za zaka zimene zimalembedwa pa mapepala, opanga amati torch-on wabwino amafika zaka 20 kapena kupitirirako, PVC ndi TPO 20 mpaka 30, EPDM 30 ena mpaka amati 50, koma manambala onsewo ndi a chinsalucho, osati a msoko umene wina anamata mothamanga mvula ikubwera. Funsaninso ngati zinthu zokonzera zimapezeka mosavuta komwe muli, primer, tepi, zigamba, chifukwa membrane yoti ikabooka mudikire miyezi kuti tepi yake ifike ndi mtolo.

Pemphani makoteshoni angapo ndipo akhale olembedwa. Muone ngati alemba dzina la chinthucho ndi kukhuthala kwake, magawo angati, ngati akanganula zakale kapena angofundira, mabolodi owola awerengera bwanji, m'mphepete ndi pa khoma amaliza ndi chani, zinyalala achotsa ndani. Koteshoni yongoti kuika felt padenga, basi, imeneyo ibwezeni, chifukwa felt wa gawo limodzi wopyapyala wa pa shedi nayenso ndi felt. Waranti mufunse kuti ndi ya chinsalu chokha kapena ndi ya ntchito yomwe, ndipo ndani adzabwere likadontha. Nthawi zambiri felt amatsika mtengo poyamba ndipo membrane imakwererako, koma gawani mtengowo ndi zaka zimene mukuyembekezera, muonjezepo penti ndi zokonza, mupeza kuti kusiyana kwake si kumene kumaoneka pa pepala loyamba lija. Ndipo pemphani kuti akuonetseni denga limene anaika zaka zingapo zapitazo, osati la sabata yatha, latsopano lililonse limaoneka bwino.

Tsiku loika, muziyang'ana izi

Simukuyenera kukhala mmisiri kuti muone ngati ntchito ikuyenda bwino. Lamulo loyamba pa zonse ndi loti pakhale pouma ndi posesedwa, kunja kukakhala kwa mvula aimitse.

Pa felt, ayambire kumunsi komwe madzi amatsikira nkumakwera, kuti mpukutu wakumtunda uzigona pamwamba pa wakumunsi madzi azidutsa pa msoko osalowamo. M'mbali mipukutu ipitane mamilimita 75 mpaka 100, kumapeto 150. Misoko ya gawo lachiwiri isagwere pa misoko ya gawo loyamba, izisemphana. Pa msoko uliwonse pazioneka kamzere ka phula lotuluka pang'ono, kameneko ndi umboni woti lasungunuka nkugwirana, pomwe palibe kamzereko lowetsani nsonga ya chitsulo chosathwa muone ngati sipakutseguka. Pomwe denga lakumana ndi khoma felt asapindidwe mwamphamvu pa kona, amaikapo kaye kamtanda ka makona atatu kapena kasimenti kopendekeka kuti akwere mofatsa, ndipo akwere khoma osachepera mamilimita 150, kumapeto kwake kulowe mu kamzere kosemedwa m'khoma kapena kuvindikiridwe ndi lata. Kungomata pa pulasitala nkupakapo silikoni ndi bodza, chaka chimodzi sichitha pasanatseguke.

Pa EPDM, poyeza chinsalu muwerengere zokwera makoma ndi zotsika m'mphepete nkuonjezera kapadera, bola chotsala kusiyana ndi chopelewera. Dziwaninso kuti ngakhale ili yopepuka, pafupifupi kilo imodzi ndi theka pa sikweya mita pomwe gawo limodzi la felt wa mamilimita 4 limalemera makilo 4 kapena 5, imabwera mtolo umodzi, nde denga la masikweya mita 50 ndi katundu wa makilo pafupifupi 75 woti akwere pa makwerero, konzekeranitu anthu. Akachitambasula achisiye pafupifupi mphindi 30 kuti makwinya a popinda athe. Kenako amapinda theka, kupaka guluu wamadzi, uja wopangidwa ndi madzi, pa bolodi, kubweza chinsalu guluu akadali wonyowa, nkusesa ndi tsache lofewa kuchokera pakati kupita kunja kuti mpweya utuluke. M'mphepete ndi pa makoma amagwiritsa guluu wina wamphamvu wopaka mbali zonse ziwiri, ameneyu amadikira kuti aume mpaka osamata chala, akafulumira mpweya wake umatsekeredwa mkati nkutulutsa matuza. Guluu wamadzi uja sagwira kukazizira pansi pa madigiri 5. Chinsalu asachikoke kuti chikwane, chokokedwa chimadzabwerera nkuzuka m'makona. Ndipo paliponse pomata tepi kapena chigamba payambe primer, popanda primer tepi imaoneka ngati yagwira koma ndi ya masiku.

Pa PVC ndi TPO, mmisiri wabwino amayamba wawotcherera tizidutswa toyesera m'mawa nkuting'amba kuti aone ngati kutentha kwa makina kuli bwino, ndipo madzulo amayenda msoko uliwonse ndi kachitsulo kokhota akufufuza potseguka. Mukaona sakuchita zimenezi mufunseni bwanji.

Akamaliza, yesani musanalipire zonse

Pa silabu ya konkire yokhala ndi kakhoma kuzungulira mutha kutseka mabowo nkuthira madzi ochepa, masentimita awiri kapena atatu, akhale maola 24 mpaka 48 mukuyang'ana kunsi. Pa matabwa samalani ndi kulemera kuja, bola kungothira ndi paipi kwa nthawi, kuyambira kumunsi nkumakwera, wina ali mkati akuyang'ana siling'i. Mukatsegula mabowo onani ngati madzi onse achoka kapena pali pomwe atsalira. Jambulani zithunzi za makona onse ndi mapaipi, zidzakuthandizani tsiku lokangana za waranti, ndipo zidutswa zotsala musataye, sungani pamthunzi.

Kuchokera apo ntchito yanu ndi yochepa, kukwera kawiri pachaka komanso pakadutsa chimphepo, kuchotsa masamba m'mabowo ndi m'ngalande, kuyang'ana pa makoma ngati sipanatseguke. Wina akabwera kudzaika sola kapena dishi muuzeni asaboole chilichonse musanagwirizane momwe atsekere. EPDM ikabooka imamatidwa ngati chubu cha njinga, kutsuka, kupaka primer, kumata chigamba chake nkuchipsinja ndi kagudumu, koma musayerekeze kupakapo phula kapena mankhwala aphula ogulitsidwa m'zitini, amaidya. Felt amawotcherapo chigamba cha felt mnzake, ndipo thuza laling'ono lomwe silinang'ambike ndipo silili pa msoko bola kulisiya osaliponda. PVC ndi TPO chigamba chake chikhale cha mtundu womwewo, ya PVC siigwira pa TPO olo muwotche bwanji, nde lembani penapake dzina la chimene anaika padenga lanu kuti wodzakonza asadzachite kulota.